Chifukwa chiyani Ferrari imalira mosiyana ndi Mustang, nanga Cobra ingamangidwe ku Ntcheu?

Pali mkangano womwe sukalamba pakati pa anyamata okonda galimoto zaliwiro, kaya akumana pagalaja ku Ntcheu boma, kaya pamalo otsukira galimoto ku Dedza. Wina amatulutsa foni nkuika vidiyo ya Ford Mustang ikuguguda ndi mawu okhuthala ogunda mpaka m'chifuwa. Mnzake amayankha ndi Ferrari ikukuwa mokweza mpaka khutu kuyabwa. Zonse ziwiri ndi ma V8, masilinda 8 uku, masilinda 8 uko, koma ngakhale mwana angazisiyanitse atatsinzina. Mkangano ukafika pakolemera, sipalephera kupezeka wina wofunsa funso lachiwiri: popeza galimoto zimenezi sitingazigule, bwanji osamanga yathu, monga amachitira anzathu ku South Africa ndi ku England?

Mafunso awiriwa amaoneka otalikirana, koma gwero lake ndi limodzi. Mawu a injini amachokera m'kapangidwe kake ka mkati, ndipo ubwino wa galimoto yomanga wekha ulinso m'zomwe zabisika pansi pa bodi. Ambiri timayambira kunja, kupaipi ya ekizozi ndi kupenti, ndipo kumeneko ndi komwe ndalama zimatayikira.

Komwe mawuwo amabadwira

Injini ya petulo imagwira ntchito m'magawo 4. Mkati mwa silinda iliyonse, pisitoni imatsika kukoka mpweya ndi mafuta, imakwera kuzipanikiza, pulagi imayatsa moto womwe umaikankhira pansi mwamphamvu, kenako imakweranso kukankha utsi. Kuti zonsezi zithe, kirankishafuti, yomwe amakaniko amangoti kiranki, chitsulo chomwe mapisitoni amachikankha kuti chizizungulira, imazungulira kawiri, omwe ndi madigiri 720, ndipo silinda iliyonse imaphulitsa kamodzi kokha m'maulendo awiriwo. Valavu ya utsi ikatseguka, utsi wotentha wopanikizika umatuluka mwadzidzidzi nkumenya mpweya womwe uli mupaipi. Chomwe timachitcha kulira kwa injini ndi kugunda kotereku kambirimbiri kotsatizana.

Njinga yamoto ya kabaza ili ndi silinda imodzi. Injini yake ikamazungulira maulendo 3,000 pa mineti, ndiye kuti ikuzungulira ka 50 pa sekondi nkumaphulitsa ka 25. Khutu limakwanitsa kumva kugunda kulikonse pakokha, nchifukwa chake njinga imamveka kuti phaphapha. Chigayo cha dizilo cha silinda imodzi chikangoyamba kumene, mukhoza kuwerenga kugunda kwake ndi zala. Probox kapena Sienta ya masilinda 4, pa maulendo 3,000 omwewo, imagunda ka 100 pa sekondi, V8 ka 200, V12 ka 300. Kugunda kukachuluka chonchi khutu limaleka kukulekanitsa, limangomva liwu limodzi, ndipo liwulo limanka likwera kugundako kukamawonjezeka. V12 ya Lamborghini ikafika pa maulendo 8,000 imakhala ikugunda ka 800 pa sekondi. Palibe paipi yomwe ingachititse Probox kufika pamenepo, chifukwa masilinda ake ndi 4 basi.

Tigalimoto ta masilinda 3, monga Mira, Passo ndi Vitz ya lita imodzi, timaphulitsa pa madigiri 240 alionse, ndipo ndi komwe kumachokera kakunjenjemera kaja kamene woyendetsa amakamva akaima pa roadblock. Audi inatchuka m'mipikisano ya m'misewu yafumbi m'zaka za m'ma 1980 ndi injini ya masilinda 5 yophulitsa pa madigiri 144 alionse, ndipo mpaka lero okonda galimoto amaizindikira isanatulukire pakona.

Nkhani ya kiranki

Kuwerenga masilinda kokha sikuthetsa mkangano wa Mustang ndi Ferrari, poti zonse zimaphulitsa pa madigiri 90 alionse. Kusiyana kuli m'maonekedwe a kiranki.

V8 ili ndi mizere iwiri ya masilinda, 4 kumanzere, 4 kumanja, ndipo mzere uliwonse uli ndi mapaipi akeake otulutsira utsi. Ma V8 ambiri a ku America, komanso a Lexus, Mercedes-Benz ndi Range Rover, ali ndi kiranki yotchedwa cross-plane. Mukaiyang'ana chakumapeto imaoneka ngati mtanda, mikono yake italoza mbali zinayi. Cadillac inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1923 pofuna kuti injini isamagwedezeke, ndipo zinathekadi. Koma kiranki yotere siilola kuti mizere iwiri ija izilandizana mwadongosolo. Pa injini ya Ford yomwe inali mu Cobra, galimoto yaliwiro ya m'zaka za m'ma 1960, ndi Mustang zakale, moto umayenda motere: kumanja, kumanzere, kumanja, kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanzere. Mukangomvetsera paipi ya mbali imodzi, utsi umatuluka patadutsa madigiri 180, kenako 90, kenako 180, kenako 270. Kugunda kuwiri kumathithikana, kwina kumasiya mpata wautali. Gudugudu wa V8 yachimerika ndi ameneyu.

Ferrari imagwiritsa ntchito kiranki ya flat-plane, yomwe mikono yake yagona mbali ziwiri zokha. Moto umalandizana bwinobwino, kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere, ndipo paipi iliyonse imalandira utsi pa madigiri 180 alionse osaphonya. Oimba ng'oma awiri akhoza kugunda maulendo ofanana pa mineti, wina mosadumphitsa, wina akuphatikiza kuwiri pafupi nkusiya kampata, ndipo wovina amadziwa kuti awa ndi magule awiri osiyana. Kiranki ya flat-plane ndi yopepuka poti siifuna zitsulo zolemera zoilinganizira, choncho injini imakwera msanga nkufika patali. Mtengo wake ndi kugwedezeka, ndipo injini ikakula kugwedezekako kumakulanso. Nchifukwa chake kwa nthawi yaitali opanga galimoto zoyendera tsiku ndi tsiku ankaipewa.

Umboni woti nkhani ndi kiranki, osati dziko lomwe galimoto yachokera, ulipo. Mu 2015 Ford inatulutsa Mustang Shelby GT350 ya malita 5.2 yokhala ndi kiranki ya flat-plane, yofika maulendo 8,250, ndipo inasiyana kalilidwe ndi Mustang zinzake. Chevrolet inachitanso chimodzimodzi ndi Corvette Z06 ya 2023, malita 5.5, maulendo 8,600, ndipo ambiri oimva koyamba amaiyesa galimoto ya ku Italy.

Chosangalatsa kwambiri kwa ine ndi zomwe anachita opanga Ford GT40, galimoto yomwe inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 1966 mpaka 1969. Injini yake inali ya cross-plane, koma poti inali kumbuyo kwa dalaivala, malo analipo oti mapaipi ena awolokere mbali inayo. Anawapiringiza mwaluso mpaka paipi iliyonse yotulukira kunja inkalandira utsi pa madigiri 180 ofanana. Ankafuna mphamvu, poti utsi wotuluka mwadongosolo umathandiza kukoka unzake, koma mawu nawo anasintha. Apa ndi pomwe paipi ili ndi gawo lenileni: kutalika kwake, kukula kwake, ndi malo omwe ikukumana ndi inzake.

Subaru nayo ndi nkhani ya mapaipi. Forester ndi Impreza zakale zomwe zimalira modukizadukiza zili ndi masilinda 4 ophulitsa mofanana ngati galimoto ina iliyonse, koma mapaipi a mbali imodzi ndi aatali kuposa a mbali inayo, ndiye utsi umafika pokumanirana nthawi zosiyana. Subaru zambiri zatsopano zili ndi mapaipi ofanana kutalika, ndipo kalilidwe kaja kanazimiririka. Njinga ya Harley-Davidson ili ndi masilinda awiri ophulitsa patadutsa madigiri 315, kenako 405. Kampaniyi inakonda mawuwa mpaka mu 1994 inapempha boma la America kuti liwalembe ngati chizindikiro chake cha malonda. Opanga njinga ena anatsutsa, ndipo mu 2000 inalisiya pempholo.

Amene amakhala m'mbali mwa M1 pomwe msewu umatsetsereka, monga potsika kuchoka ku Dedza kulowera ku Linthipe, amadziwa phokoso lina lomwe mathiraki ena amachita usiku, lomveka ngati mfuti yothamanga. Dalaivala sakhala akuponda moto, akugwira buleki ya injini. Chipangizochi, chomwe Clessie Cummins anachitulukira ndipo kampani ya Jacobs inayamba kuchigulitsa mu 1961, chimatsegula valavu ya utsi pisitoni itangomaliza kupanikiza mpweya. Mpweyawo umathawira mupaipi usanakankhe pisitoni, injini nkusanduka chogwira thiraki kuti mabuleki asapse. Phokoso limenelo lili ndi ntchito, limapulumutsa miyoyo.

Turbo, masipika ndi salensa yodula

Turbo, chipangizo chopanikizira mpweya wolowa mu injini, imazunguliridwa ndi utsi, choncho kugunda kuja kumayamba kwamenya timapiko take kusanafike kunja, ndipo kumatuluka kutaphwa. Mpikisano wa Formula One unaziona izi mu 2014, pomwe unasiya ma V8 a malita 2.4 ofika maulendo 18,000 nkutenga ma V6 a turbo a malita 1.6. Galimoto zinali zamphamvu ndi zosamwa mafuta, koma oonerera anadandaula kwambiri kuti mawu apita.

Makampani amadziwa kuti anthu amagula ndi makutu omwe. Toyota popanga Lexus LFA, yomwe anangopanga 500 zokha kuyambira 2010 mpaka 2012, inagwira ntchito ndi Yamaha, kuphatikizapo akatswiri ake a zoimbira, kuti mawu a V10 yake azilowa bwino mkati momwe mwakhala dalaivala. Mawu amenewo ndi a injini yeniyeni, anangowakonzera njira. Ena anatenga njira yachidule. BMW M5 ya 2011 imatulutsa mawu a injini kudzera m'masipika a wailesi, ndipo Hyundai Ioniq 5 N, yomwe ndi yamagetsi, imayerekeza kulira ndi kusintha magiya komwe kulibe. Pa ichi okonda galimoto amagawikana. Ine ndili mbali ya omwe amakana, chifukwa kulira kwa injini kumauza dalaivala zomwe zikuchitika pansi pa boneti, ndipo makaniko wabwino amagwira pulagi yakufa kapena valavu yotayirira ndi khutu asanakhudze sipanala. Sipika siingamuuze zimenezo. Mawu oikidwa pa galimoto zamagetsi ochenjeza oyenda pansi, omwe mayiko a European Union anayamba kulamula mu 2019, ndi nkhani ina, ndipo ndi ofunika.

Tsopano tibwere kwathu. Pempho lomwe owotcherera amalimva kawirikawiri ndi lakuti, "Amdala, ndichotsereni salensayi, ndikufuna izilira ngati V8." Wowotcherera wachilungamo amayankha kuti, "Achimwene, ndichotsa, koma ilira ngati galimoto yomweyi yopanda salensa." Ndipo akunena zoona. Salensa ili ndi tizipinda tomwe timabweza mafunde a phokoso kuti aziphana okhaokha, kapena ili ndi paipi yobowolabowola yokutidwa ndi ubweya wa galasi womwe umamwa mawu okwera. Kuichotsa kumakweza phokoso, koma kaphulitsidwe ka injini kamakhala komweko. Mphamvu yowonjezera yomwe anthu amailumbirira nthawi zambiri imakhala ya m'khutu. Paipi ikakula mopitirira muyeso utsi umayenda mwaulesi, galimoto nkufooka ponyamuka ndi pokwera chitunda, pomwe ife timafunira mphamvu kwambiri.

Palinso zoopsa zomwe sizikambidwa mokwanira. Phokoso la madesibelo 85 likamamvedwa maola 8 tsiku ndi tsiku limayamba kuononga makutu, ndipo khutu likafa silidzukanso. Paipi yothera pansi pa galimoto imalowetsa mkati mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo koma umapha, makamaka nyengo yozizira ya June ndi July ku Dedza pomwe mawindo amakhala otseka. Kuphulika kwa phaa! phaa! komwe ena amakonda posiya moto ndi petulo wosapsa akuyakira mupaipi, ndipo kumaotcha catalytic converter, chipangizo chosefera utsi chomwe chili mupaipi ya ekizozi. Tisaiwalenso kuti msewu womwewo wadutsa pafupi ndi sukulu, zipatala ndi nyumba za anthu ogona.

Galimoto zomanga wekha

Kit car ndi galimoto yomwe kampani imagulitsa m'zidutswa, chasisi, bodi ndi zina, mwini nkumanga yekha, injini ndi giyabokosi nkuzichotsa m'galimoto ina yakale. Replica ndi yomwe yatengera maonekedwe a galimoto yotchuka. Kit car zambiri ndi ma replica, koma si zonse.

Kholo la zonsezi ndi Lotus Seven, yomwe Colin Chapman anaitulutsa ku England mu 1957. Nthawi imeneyo galimoto yogulidwa m'zidutswa siinkalipira msonkho womwe yathunthu inkalipira, ndiye anthu wamba ankakwanitsa kugula nkumangira kunyumba. Msonkho utasintha mu 1973, Lotus inagulitsa ufulu wopanga Seven ku kampani ya Caterham, yomwe ikuipangabe mpaka lero. Nzeru ya Chapman inali yochotsa kulemera m'malo moonjezera mphamvu. Seven ilibe denga lenileni, ilibe zitseko zenizeni, ndipo imalemera makilogalamu 500 mpaka 600, pafupifupi theka la Corolla. Ndi kainjini ka masilinda 4 imasiya galimoto zazikulu pamakona. Mu 1996 kunafala mapulani a Locost, oonetsa momwe munthu angawotcherere yekha chasisi chofanana ndi cha Seven ndi mapaipi a ngodya zinayi a mamilimita 25, zotsalazo nkuzichotsa mu Ford Escort yakale.

Cobra ndi mtundu wina wa maloto. Mu 1962 Carroll Shelby wa ku Texas anatenga kagalimoto kopepuka ka ku England, AC Ace, nkuikamo V8 ya Ford, poyamba ya malita 4.3, kenako 4.7, ndipo mu 1965 ya malita 7.0 yomwe imadziwika kuti 427. Zenizeni zinapangidwa pafupifupi 1,000 zokha, ndipo yoyambirira inagulidwa pa madola 13.75 miliyoni mu 2016. Lero ma replica a Cobra ndi ochuluka kutalitali kuposa zenizenizo. Ku America kampani ya Factory Five, yomwe inayamba mu 1995, inatchuka pogulitsa chasisi ndi bodi zoti munthu asamutsiremo zonse za Mustang yakale.

Chomwe ambiri kuno sadziwa ndi chakuti ena mwa ma replica olemekezeka padziko amapangidwa kumwera konkuno. Cobra za Superformance zimamangidwa ndi Hi-Tech Automotive ku Gqeberha, mzinda womwe kale unkatchedwa Port Elizabeth, ndipo zili ndi chilolezo cha kampani ya Shelby. Backdraft Racing imapanga zake ku KwaZulu-Natal, CAV imapanga GT40 ku Cape Town, ndipo Birkin inayamba kupanga ma Seven kufupi ndi Durban m'zaka za m'ma 1980. Abale athu ambiri a ku Ntcheu ndi Dedza ali ku Joni, ena mwa iwo m'magalaja ndi m'malo owotcherera. Luso limeneli silili kutsidya kwa nyanja.

Apa ndi pomwe nkhani ya mawu ikukumana ndi ya replica. Cobra ya replica imakhutiritsa chifukwa V8 ya cross-plane ndi yosavuta kupeza, ndipo ikalira imalira monga inkalirira ya 1965. Ku South Africa ambiri amaikamo Lexus 1UZ ya malita 4.0, injini ya aluminiyamu yomwe inayamba mu LS400 ya 1989, yodziwika ndi kulimba. Seven nayo sinamiza munthu, poti yeniyeniyo inali ya masilinda 4. Koma pali ma replica ena a Ferrari ndi Lamborghini omwe ndi bodi ya fibreglass yovekedwa pa Toyota MR2 kapena Pontiac Fiero. Ikaima imakopa maso, koma kiyi akangotembenuzidwa zonse zimaululika. MR2 payokha ndi galimoto yabwino, ndipo zimandipweteka kuiona italemedwa ndi chovala cha eni ake.

Za malamulo nazo zilipo. Caterham inakasuma Westfield m'zaka za m'ma 1980 mpaka Westfield inasintha maonekedwe a galimoto zake. Mu 2012 Mercedes-Benz inaphwanya bodi ya replica ya 300 SL yomwe inagwidwa ku Germany. Ferrari ndiye siisekerera nkomwe. Chomwe chimaputa mlandu kwambiri ndi kumata chizindikiro cha eni ake pa chinthu chomwe sanapange, makamaka pofuna kugulitsa.

Nanga kuno zingatheke?

Zingatheke, koma osayambira pa Cobra. Cobra 427 ndi galimoto yaifupi, masentimita 229 okha pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, yolemera pang'ono kupitirira tani imodzi, ndi injini yoyenera galimoto yolemera kawiri. Ukaponda moto mosasamala pakona, kumbuyo kumapitirira kutsogolo. Ilibe ABS yoletsa matayala kuuma pogwira buleki, ilibe ma airbag, ndipo mapaipi ake a m'mbali amaotcha mwendo potsika. Woyamba kumene ayambire pa Seven: injini ndi yaing'ono, bodi yake yambiri ndi malata owongoka, ndipo cholakwika chimaonekera msanga poti chilichonse chili poyera.

Chovuta choyamba ndi kupeza galimoto yochotsamo zipangizo. Seven ndi Cobra zimakankhidwa ndi matayala akumbuyo, pomwe galimoto zambiri zochokera ku Japan zomwe zadzaza m'misewu yathu zimakokedwa ndi akutsogolo, injini itagona chopingasa. Zimenezo sizithandiza. Zofunika ndi monga Nissan 1400 ija ya bakkie, yomwe inapangidwa ku South Africa mpaka 2008, Corolla zakale za difu kumbuyo, Toyota Altezza, BMW 3 Series yakale kapena Mazda MX-5. Yabwino ndi yomwe bodi inatha koma mapepala ake ali bwino. Injini zamakono zili ndi kompyuta ndi mawaya ambirimbiri, ndipo ntchito zambiri zotere zimafera pamenepo, galimoto itaima kale pa matayala.

Chachiwiri, chomwe ndikufuna kutsindika, ndi kuwotcherera. Amisiri athu ndi aluso, ndipo amene anaonapo ngolo, mageti ndi mafelemu a mawindo opangidwa m'misika yathu sangatsutse. Koma geti likathyoka palibe amafa. Chasisi chimapindidwa ndi kupotozedwa sekondi iliyonse galimoto ikamayenda, ndipo chitsulo chopyapyala cha mamilimita 1.6 chimabowoka msanga ndi makina a ndodo omwe ambiri ali nawo. Chimafuna makina a MIG kapena TIG, magetsi osaphethira, ndi tebulo lowongoka bwino lomangirirapo mapaipi kuti asakokedwe ndi kutentha. Chimafunanso chitsulo chodziwika mtundu wake, osati paipi ya madzi kapena ya bedi lakale. Chasisi chikapendeka ndi mamilimita ochepa, galimoto imakokera mbali moyo wake wonse. Zolumikiza matayala ku chasisi, chiwongolero, mabuleki ndi pomangirira lamba si malo oyeserera nzeru zatsopano. Pamenepo tsatirani mapulani omwe ena anawayesa kale, ndipo paipi ya buleki ikhale yatsopano.

Kenako pali dziko lathuli momwe lilili. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 alionse, kutanthauza kuti ya mahatchi 100 imatsala ndi 85 kapena kuchepera pang'ono. Galimoto yomwe ikuoneka yaulesi ku Bembeke imadzuka ikatsikira ku Golomoti. Ya kabureta yomwe inatchunidwa kunyanja imamwa mafuta ochuluka ikakwera kuno, mapulagi nkumada, choncho itchunidwe komwe izikhala. Msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere ndi womwe okonda galimoto amaulota, koma ndi womwenso umapsereza mabuleki osakwanira. Kutalika kwa galimoto kuchokera pansi nako kuganiziridwe pachiyambi pomwe. Seven ya ku England imapangidwira misewu yosalala, ndipo sampu yake ikhoza kutsala pa hampu yoyamba. Kuikweza pang'ono ndi kuika chitsulo chotchinga pansi pa injini si manyazi.

Ndalama sinditchula chiwerengero, koma omanga amavomerezana pa chinthu chimodzi, kuti zing'onozing'ono ndi zomwe zimadya thumba: mabawuti olimba, mapaipi a mafuta, magetsi, mageji, mipando, matayala. Kit yoitanitsa kunja imafuna ndalama zakunja, zomwe ndi zosowa, kuonjezera mtengo wonyamulira ndi msonkho wa MRA ikafika pachipata cha Dedza kapena Mwanza. Ndi ntchito yomwe imayenda bwino anthu angapo akagwirizana, wina wodziwa kuwotcherera, wina wa mawaya, wina wa injini, kusiyana ndi munthu mmodzi kulimbana nazo zonse. Ana omwe amapinda galimoto za mawaya nkumaziliza ndi pakamwa akhoza kuphunzira zambiri atakhala pafupi ndi gulu lotere.

Ikatha, malo oiyesera si M1. Msewu umenewu pa Lizulu, pa Tsangano turn-off kapena pa Kampepuza tsiku la msika umadzaza ndi amayi osenza mbatata ndi kabichi, njinga, ngolo ndi ana, ndipo galimoto yofupika ngati Seven dalaivala wa thiraki saiona bwino pagalasi. Kuyesa koyamba kuchitike pamalo otsekedwa, pang'onopang'ono, mabuleki ayambe ndiwo, bawuti iliyonse iyang'anidwenso pambuyo pake.

Ku Britain, komwe mwambowu unakulira, galimoto yomanga wekha siiloledwa pamsewu isanapambane mayeso a boma otchedwa IVA. Amayeza mabuleki, malamba, magetsi, ngodya zakuthwa zomwe zingacheke woyenda pansi, utsi, ndi phokoso la ekizozi lomwe. Kwathu kuno galimoto iliyonse imafunika kulembetsedwa ku Road Traffic, kukhala ndi COF ndi inshuwalansi, ndipo yopangidwa pakhomo ilibe nambala ya chasisi yochokera kufakitale. Choncho ulendo woyamba ukhale wa ku ofesi ya Road Traffic (DRTSS), musanadule paipi ngakhale imodzi, kukafunsa zomwe adzafune kuti ailembetse, ndipo ngati nkotheka yankho likhale lolembedwa. Sungani blue book ya galimoto yomwe mwachotsamo zipangizo, nambala ya injini, malisiti a chitsulo ndi a chipangizo chilichonse, ndipo muzijambula zithunzi za chasisi pa gawo lililonse musanachikute ndi malata, kuti woyeza adzaone momwe munawotcherera.